Udhu usanaime pa Swala: apa ndi pomwe ambiri amaphonya

Assalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh, abale ndi alongo anga. Nsanamira za Chisilamu mukuzidziwa, zilipo 5: Shahada, Swala, Zakaat, kusala m'mwezi wa Ramadhan, ndi Hajj ku Makka kwa amene angakwanitse. Lero sitizitenga zonse ayi. Tili pa Swala, mapemphero a kasanu patsiku aja, ndipo ngakhale pa Swalapo sitinalowe, tili pakhomo, pa udhu, kudziyeretsa ndi madzi kuja munthu asanaswali. Chifukwa taonani, Fajr rakaa 2, Dhuhr 4, Asr 4, Maghrib 3, Isha 4, zonse pamodzi 17 patsiku, ndipo rakaa ndi chigawo chimodzi cha Swala, kuima, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi. Udhu ukakhala wolakwika, 17 zonsezo zapita m'madzi. Waweramira pachabe.

Tiyambe ndi madzi. Eee, madzi a pa mjigo, a pachitsime, a m'nyanja, a mvula, onsewo ndi abwino. Ngakhale a mumtsinje nthawi ya dzinja, ofiirira ndi dothi aja, palibe vuto. Koma madzi amene mwachapira mbale, achita thovu la sopo mpaka sungawatchulenso kuti madzi, amenewo ayi. Ndiye pali nkhani ya kuchuluka. Kwa ife otsatira Imamu Shafi, madzi osakwana makula awiri, tinene kuti pafupifupi mgolo uja wa malita 200, akagweramo najisi, ndiye kuti chodetsa, kaya kadontho ka mkodzo wa mwana, atha ntchito ngakhale mtundu usasinthe. Akaposa pamenepo, amaonongeka pokhapokha fungo, mtundu kapena kakomedwe kasintha. Ndiye ndowa yanu ija ndi madzi ochepa. Ivindikireni. Tungani ndi kapu, muzithira kumbali, madzi ochoka kumaso asagwerenso m'ndowamo. Ndipo simukufunika ndowa yonse. Mtumiki Muhammad, swallallahu alaihi wasallam, ankapanga udhu ndi muddi imodzi, madzi osakwana n'komwe lita.

Chabwino. Bismillah, manja katatu, kuchukucha m'kamwa, madzi m'mphuno n'kumina, izi mukudziwa. Ndi sunna, zimene ankachita Mtumiki koma si zokakamizika. Kungoti ukakhala pa swaumu, ukusala, usakokere madzi mwamphamvu, angapitirire kukhosi.

Tsopano zokakamizika, za faradhi, zilipo 6. Zinayi mwa izo zatchulidwa mu Qur'an, Surat Al-Maida ndime ya 6: nkhope, mikono, mutu, mapazi. Kuonjezapo niya, ndi kutsatira ndondomeko. Niya... ayi, dikirani kaye, ndiyambe bwino, chifukwa apa anthu amasokoneza. Niya ndi cholinga cha mumtima, kuti ndikuchotsa hadathi, kudetsedwa koletsa munthu kuswali, kapena kuti ndikupanga udhu. Kulankhula pakamwa si kokakamiza. Koma nthawi yake ndi iti? Ndi pamene madzi oyamba akukhudza nkhope. Mwamva? Munthu amapanga niya akuvula nsapato uko, kenako akucheza ndi mnzake za mpira, pofika pa nkhope mtima uli kwina. Niya iyenera kukhalapo madzi akamafika kumaso. Kuyambira posamba manja ndi bwino, mupezenso malipiro a sunna zija, koma muigwirebe mpaka pa nkhope. Pa nkhope.

Nkhope malire ake: kuchokera pomwe tsitsi limayambira mpaka kunsi kwa chibwano, ndi kuchokera khutu ili kufika khutu ilo. A dazi, musati nkhope yanga yafika pa liwombo, ayi, muyeze pomwe tsitsi limayambira kwa anthu ambiri. Kamalo aka ka pakati pa ndevu za m'mbali ndi khutu, kamenekako kamatsala kouma kawirikawiri. M'makona mwa maso, m'mawa pa Fajr, manthongo ouma aja achoke. Ndevu zikakhala zopyapyala, khungu likuoneka, madzi afike pakhungu. Zikakhala zowirira, sambitsani pamwamba, kulowetsa zala ndi sunna.

Mikono. Apa ndichedwapo. Apa ndichedwapo ndithu. Mkono umayambira kunsonga za zala mpaka chigongono, ndipo chigongonocho chilowe. Ndiye chimene chimachitika n'chakuti, munthu amati manja ndinasamba kale poyamba paja, n'kuyambira pomwe pamakhala wotchi kukwera m'mwamba. Ayi! Kusamba koyamba kuja kunali sunna. Kwa faradhi ndi kuno, nkhope itatha. Ukasiya zala ndi kuseri kwa dzanja, mkono sunasambe. Ndibwerezenso, mwina wina anatuluka: madzi ayambire ku zikhadabo, adutse pakati pa zala, kuseri kwa dzanja, atsike mpaka apitirire chigongono pang'ono. Malaya a manja aatali pindani mokwanira, osangokankha pang'ono chifukwa cha ulesi womasula batani. Chigongono mukachipinda khungu limakwinyika, tambasulani mkono mupakepo madzi.

Ndipo kusamba ndi kuti madzi ayende pakhungu. Kunyowetsa dzanja n'kupukuta mkono si kusamba, kumeneko ndi kupaka, ndipo kupaka n'kwa mutu basi.

Zotchinga madzi, eee, izi ndiye zambiri. Amayi, kyutekisi wa m'zikhadabo amatchinga, achoke. Hina alibe vuto, chifukwa akatsukidwa amangosiya mtundu. Openta, penti wa mafuta uja. Akalipentala, guluu. Kunyanja uko, Mangochi, Nkhotakota, Salima, amene mwakhala mukupala chambo tsiku lonse, mamba aja amaumira pamkono, kamodzi kokha katchinga madzi pamalo pake. Nsima youmira m'mbali mwa chikhadabo chimodzimodzi. Mphete ikakhala yothina isuntheni. Mafuta odzola opyapyala, madzi n'kumakhudzabe khungu, palibe kanthu, koma amene amata ngati phula ayi.

Pali anthu ena, umawauza zimenezi, amati aaa, ashehe, ine ndinayamba kuswali inu musanabadwe. Chabwino bambo, zaka ndi zanu, koma tayang'anani chigongono chanucho, n'chotuwa, fumbi la kumunda likadali pompo. Achinyamata nawonso, iqama, kuitana koti Swala ikuyamba, ikumveka mu mzikiti, iye pa mpopi waza apa waza apo, masekondi ochepa watha, akuthamangira rakaa yoyamba. Waipezadi rakaayo, koma waipeza alibe udhu. Bola ukanachedwa n'kudzabweza rakaa imodzi imamu atapereka salamu.

Mutu. Kupaka ndi dzanja lonyowa. Kwa Imamu Shafi ngakhale kagawo kochepa kakwanira, bola likhale tsitsi la m'malire a mutu, osati kunsonga kwa tsitsi lolendewera kumsana. Abale athu otsatira Imamu Abu Hanifa amati gawo limodzi mwa magawo anayi, a Imamu Malik amati mutu wonse. Ndiye musakangane pa mpopi. Mukapaka wonse, kutsogolo kupita kumbuyo n'kubwerera, mwakwanitsa onse. Makutu ndi sunna.

Mapazi, mpaka mu akakolo, akakolowo alowe. Chidendene! Mtumiki anaona anthu akupanga udhu mothamanga paulendo, zidendene zili zouma, anafuula kuti tsoka kwa zidendene ndi moto. Hadisi imeneyi ili mwa Bukhari ndi Muslim. Ukaika phazi pa mpopi madzi amatsikira kuzala, kumbuyoku sikufika. Tembenuzani phazi, mugwire ndi dzanja. Pakati pa zala pitsanipo kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere. Nthawi ya chilimwe mapazi ang'aluka, ena amamata ming'alu ija ndi sera kapena phula, chotsani zimene zili pamwambazo.

Ndondomeko tsopano. Nkhope, mikono, mutu, mapazi, osadumphitsa. Wafika kumapazi ndiye waona kuti pamkono pali pouma, utani? Si kungodonthezapo madzi n'kunyamuka ayi. Sambitsa pamalopo, kenako ubwereze mutu, ubwereze mapazi, chifukwa zinabwera mkono usanathe. Kuyamba kumanja ndi sunna, ukayamba kumanzere udhu ulipo. Katatu ndi sunna, kamodzi kokwanira bwino kakukwanira. Kupitirira katatu ndi kuononga madzi.

Zoononga udhu mwachangu. Chilichonse chotuluka kutsogolo kapena kumbuyo, ngakhale mpweya. Kukomoka, kapena tulo, kupatula ngati unakhala pansi mokhazikika osasuntha, ngati aja amasinza pa khutba ya Jumu'a, ulaliki wa Lachisanu, ali chikhalire. Wotsamira chammbali mpaka thako kunyamuka, apite ku mpopi. Kugwira kumaliseche ndi chikhatho popanda chotchinga, amayi osambitsa ana mumve pamenepa. Ndi kukhudzana khungu mwamuna ndi mkazi oti angakwatirane, kuphatikizapo mkazi wako, kwa a Shafi udhu wapita. Mayi ako, mlongo wako, mwana wako, ayi. Magazi a pabala ndi kusanza, kwa ife sizichotsa udhu, kungotsuka najisiyo. Kwa a Hanafi, otsatira Imamu Abu Hanifa aja, magazi oyenderera amachotsa.

Nanga wokaikira? Uli pa Swala, m'mimba mwachita kulira, kodi chatuluka kapena ayi? Mtumiki anati usachoke mpaka utamva phokoso kapena fungo. Ukudziwa kuti unapanga udhu, ukungokaikira ngati waonongeka, udhu ulipo, pitiriza. Koma ukudziwa kuti unapita kuchimbudzi, ukukaikira ngati unapanga udhu pambuyo pake, ameneyo alibe, akapange. Za tayammamu, kudziyeretsa ndi dothi ukadwala kapena madzi akasowa, ndi za wovala bandeji, nthawi yatithera, adhana yoitanira ku Swala ya Asr ili pafupi. Wassalamu alaikum.