Iwo amavina khofi wawo, nanga ife thonje lathu?

A mfumu, amayi, abambo ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, zikomo kwambiri pobwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Khofi kuno kuchigwa salola, tonse tikudziwa, amafuna kozizira ngati ku Thyolo pamtundapa kapena ku Misuku kumpoto uko. Koma ndikutengeni kaye tipite ku Colombia, dziko la ku South America. Kumeneko amayi othyola khofi amawatchula kuti chapolera. Ntchito yake ndi yowawa, munda uli pa phiri potsetsereka, dengu amalimanga m'chiuno kuti manja onse awiri azigwira, ndipo suthyola chisawawa ayi, umasankha kachipatso kofiira kokhako, kosapsa umakasiya udzakapeze ulendo wina, tsiku lonse zala zili mumasamba. Ndiye anthu akumeneko anatenga zomwezo, kutambasula mkono uko, kuponya m'dengu, siketi yayitali, duku ndi chipewa choluka, n'kuziyika m'gule. Lero ana amavina zimenezo, tawuni ya Calarcá imachita chikondwerero cha khofi, ndipo mu 2011 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, analemba dera la khofilo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Waganyu uja, amene amalipidwa potengera kulemera kwa zomwe wathyola, ndi amene wasanduka nkhope ya dera lonse.

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa ine. Ife tili ndi utse, tili ndi likhuba, ulimba ukalira ku Nsanje ngakhale agogo amaiwala bondo. Koma mwana wathu ukamuuza kuti avine momwe mayi ake amatolera thonje amachita manyazi, akuti ndi zausiwa. Zausiwa bwanji poti yunifomu yakoyo inagulidwa ndi thonje lomwelo?

Tayang'anani mayi akamatola thonje, amawerama, dzanja ili latola ili laponya m'thumba, phazi likusuntha pang'onopang'ono kutsata mzere. Bambo wodula nzimbe ku Nchalo chikwanje chimatsika ndi nthawi yake, wopalasa bwato ku Elephant Marsh phewa limapita limabwera. Woyimba ng'oma wabwino angoona zimenezo wapeza kale poyambira. Paja nyimbo za pamtondo zinabadwa chonchi, munsi ndiye unali ng'oma yake, zigayo zitabwera nyimbo zambiri zatithawa.

Ndiye achinyamata, sabata ino aliyense akakhale pansi ndi agogo ake, awafunse zomwe ankayimba potola thonje kapena poopseza mbalame m'mapira, mujambule pa foni. Loweruka tikumane pompano pansi pa mtengowu, a mfumu atilola kale. Amayi mubwere ndi madengu ndi matumba enieni aja a kumunda, osati atsopano ayi.