Makalata a Omvera: "Injiniya afika nthawi yanji?"

Thumba la sabata ino ladzadza, koma kalata imodzi yandisowetsa tulo. Yachokera kwa chemwali wina ku Blantyre, ndipo apempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Achimwene, ndinaphunzira uinjiniya wa misewu ndi milatho zaka zisanu ku Poly, yomwe pano ndi MUBAS. Tsiku loyamba kusaiti, chisoti chili kumutu, foromani anandifunsa kuti injiniya afika nthawi yanji. Nsapato zachitetezo zinali zachibambo zokhazokha, mpaka ndinkavala masokosi atatuatatu. Chimbudzi chimodzi, chopanda loko. Pamsonkhano ine ndiye wolemba maminitsi ndi wokonza tiyi. Kwina ndinakafunsira ntchito anandifunsa kuti mimba ndiitenga liti."

Pepani chemwali. Masokosiwo, mwezi wa October ku Chikwawa, mapazi angapse ngati mbatata! Koma za tiyizi sizoseketsa. Kuti munthu alembetsedwe ku Malawi Engineering Institution ngati injiniya wokhwima, amayenera kuonetsa ntchito imene wagwira ndi manja ake. Anzanu aamuna akamayeza msewu, kuwerenga mapulani ndi kuyang'anira pothira konkire, inu muli ndi ketulo, mawa adzakuuzani kuti mulibe luso. Pitani kwa abwana mwaulemu, pemphani gawo lanulanu la ntchito, ndipo chilichonse mwagwira muzilemba m'buku.

Inu ofunsa za mimba, manyazi bwanji! Employment Act ya 2000 imapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa ndi woyembekezera ndi mlandu. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 alionse. Makalata otere akundipeza pafupipafupi, abale. Timalimbikitsa atsikana kuti akonde masamu, akakhoza timawaimbira nthungululu, kenako pageti pa kampani ndife tomwe timawabweza.

Bambo a ku Ntcheu, mukuti mwana wanu akaphunzira zamagetsi amuna adzamuopa. Mkamwini woopa mkazi wodziwa mawaya musamudandaule, mulipirireni fizi mwanayo.

Mtsikana wa Fomu 3 pa CDSS yopanda labotale: usasiye Physics ndi Chemistry, mwanawe, pakuti popanda zimenezo khomo la uinjiniya silitseguka.

Achimwene achialubino amene akukanidwa ntchito yakusaiti ati chifukwa cha dzuwa, kalata yanu ndaisunga. Malaya aatali manja, chisoti chotchinga khosi ndi mafuta oteteza khungu si zinthu zoti kampani ingalephere kugula. Sabata yamawa tiyambira pa inu.