Makalata a omvera: Moyo ndi imfa ya Abubakar Shekau

Takulandirani omvera athu. Sabata yatha tinakamba za atsikana a sukulu amene anabedwa ndi zigawenga za Boko Haram m'tauni ya Chibok ku Nigeria, ndipo tinatchula Abubakar Shekau, amene anali mtsogoleri wa zigawengazo. Makalata abwera pa nkhaniyi, ndipo yoyamba ndi ya mphunzitsi wa mbiri yakale ku Zomba. Akuti:

"Bambo muulutsi, munanena kuti Shekau ndiye anayambitsa Boko Haram. Pamenepo munaphonya. Anayambitsa gululi ndi mlaliki Mohammed Yusuf mumzinda wa Maiduguri, m'chigawo cha Borno, cha m'ma 2002. Shekau, wa mtundu wa Kanuri wochokera m'chigawo cha Yobe, anapita ku Maiduguri kukaphunzira za chipembedzo, n'kukhala wachiwiri kwa Yusuf. Moto unabuka mu 2009. M'mwezi wa Juni achitetezo anaombera anthu a gululi omwe ankapita kumaliro pa njinga zamoto, mkangano wake unali wa zipewa zodzitetezera kumutu. Kumapeto kwa Julayi gululi linaukira mapolisi, asilikali anabwezera, ndipo anthu oposa 700 anafa m'masiku ochepa. Yusuf anagwidwa wamoyo, koma pa 30 Julayi anaphedwa ali m'manja mwa apolisi osakaonekera kubwalo la milandu. Boma linkaganiza kuti Shekau naye wafa, koma mu 2010 anatulukira pakanema akunena kuti utsogoleri tsopano ndi wake."

Zikomo aphunzitsi, mwatikonza ndipo tavomera. Mfundo ya imfa ya Yusuf ndi yolemera, chifukwa ndi imene Shekau anagwiritsa ntchito pokopa anyamata okwiya. Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Mu Seputembala 2010 anthu ake anathyola ndende ya ku Bauchi n'kutulutsa akaidi oposa 700. Pa 26 Ogasiti 2011 galimoto yodzaza mabomba inaphulika pa likulu la bungwe la United Nations ku Abuja, anthu oposa 20 n'kufa. Mu Januwale 2012 anapha anthu pafupifupi 185 mumzinda wa Kano tsiku limodzi. Pofika 2013 dziko la America linali litalonjeza madola 7 miliyoni kwa aliyense wowuza kumene Shekau ali. Zida zambiri ankazilanda m'misasa ya asilikali a boma, ndalama ankazipeza pothyola mabanki, kuba ng'ombe ndi kulandira dipo la anthu amene awagwira.

Kalata yachiwiri ndi ya shehe wina wa ku Mangochi, ndipo ndiiwerenga yonse chifukwa yafika pa gwero la nkhaniyi.

"Achimwene, ambiri amamva dzina la Shekau n'kuganiza kuti ankalimbana ndi Akhristu okha. Zoona, anaotcha matchalitchi ndi kupha Akhristu ambiri, koma Asilamu amene anafa m'manja mwake ndi osawerengeka. Vuto lake linali chiphunzitso chotchedwa takfir, kunena Msilamu mnzako kuti ndi kafiri, kutanthauza wosakhulupirira. Kwa iye, aliyense wokhala mwamtendere pansi pa boma la Nigeria, wotumiza mwana kusukulu ya boma kapena wothawira kumsasa wa anthu othawa nkhondo anali wosiya chipembedzo, woyenera kuphedwa. N'chifukwa chake ankatumiza amayi ndi ana aakazi atavekedwa mabomba m'misika ndi m'mizikiti. Anapha mashehe amene ankamutsutsa. Zimenezi zinagawa gulu lake kawiri. Mu 2012 ena anachoka n'kupanga gulu la Ansaru, podandaula kuti akupha Asilamu. Mu Malichi 2015 Shekau analumbira kuti adzamvera Abu Bakr al-Baghdadi, amene ankatsogolera gulu la zigawenga la Islamic State la ku Iraq ndi Syria, koma mu Ogasiti 2016 akuluakulu a gululo anamuchotsa n'kuika Abu Musab al-Barnawi, mwana wa Yusuf yemwe uja. Shekau anakana kutula pansi udindo, n'kutsala ndi anthu ake m'nkhalango ya Sambisa, pamene otsatira al-Barnawi, otchedwa ISWAP (nthambi ya Islamic State kumadzulo kwa Africa), anakakhazikika kumbali ya nyanja ya Chad."

Shehe, mawu anu athandiza. Ndionjezerepo kuti ISWAP sinali yachifundo, nayo ndi ya zigawenga zakupha. Kusiyana kwake kunali pa nzeru zankhondo. Iwo anaona kuti asodzi, alimi ndi oweta ng'ombe ukawasiya amoyo umawakhometsa msonkho ndipo amakubisa, pamene Shekau ankaotcha midzi n'kutsala ndi chipululu chopanda chakudya. Ankaphanso akuluakulu ake a nkhondo akangowakayikira, motero amene ankadziwa ntchito ankathawira kwa adani ake. Ngakhale dera limene analanda mu 2014, pamene analengeza kuti tauni ya Gwoza ndi likulu la ulamuliro wake, sanaligwiritsitse. Asilikali a Nigeria, Chad, Niger ndi Cameroon atagwirizana, Gwoza inabwerera m'manja mwa boma mu Malichi 2015.

Yomaliza ndi ya mayi wina wa ku Mchinji, amene amatsatira nkhani ya Chibok. Alemba kuti: "Bambo, manambala ake ndi awa. Usiku wa pa 14 Epulo 2014 atsikana 276 anatengedwa pasukulu ya sekondale ya boma, atabwera kudzalemba mayeso. Okwana 57 anathawa m'masiku oyambirira, ena podumpha m'malole. Atsikana 21 anamasulidwa mu Okutobala 2016, enanso 82 mu Meyi 2017 posinthana ndi akaidi a gululi, mothandizidwa ndi boma la Switzerland ndi a Red Cross. Ambiri ndithu sanabwererebe kwa makolo awo. Funso langa n'lakuti: kodi Shekau anafadi? Asilikali analengeza imfa yake kangapo, iye n'kutulukiranso pakanema."

Mayi, kukayika kwanu n'komveka, chifukwa zinachitikadi mu 2009, 2013 ndi 2014. Koma ulendo uno anafadi, ndipo sanaphedwe ndi asilikali a boma. Mu Meyi 2021 ankhondo a ISWAP analowa m'nkhalango ya Sambisa n'kumuzungulira, kumuuza kuti agonje. Iye anadziphulitsa ndi bomba. M'mwezi wa Juni al-Barnawi anatsimikiza zimenezi m'mawu ojambulidwa, ndipo kenaka otsatira a Shekau nawo anavomereza. M'miyezi yotsatira anthu zikwizikwi, ankhondo pamodzi ndi akazi awo ndi ana, anatuluka m'tchire n'kudzipereka ku boma la Borno. Otsala anasonkhana pansi pa mtsogoleri wina, Bakura, kumbali ya nyanja ya Chad, kumene akumenyanabe ndi ISWAP polimbirana zilumba ndi msonkho wa asodzi.