Kuliza thiraki m'mawa wachisanu: malangizo kwa madalaivala a ulendo wa ku Joni

Zikomo a pampando. Abale anga madalaivala, Juni wayandikira, ndipo ambiri a inu muzigona mumsewu wa N3, pakati pa Johannesburg ndi Durban. Chisanu cha ku Harrismith ndi pa Van Reenen musachiyese cha ku Dedza. Kumeneko usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 0, madzi osiyidwa panja kuuma gwa.

Tiyambe ndi chimene chimavutitsa injini ya dizilo. Ilibe mapulagi othethekera moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri, dizilo akafayidwamo amayaka yekha. Tsono zitsulo zikazizira zimameza kutenthako, moto osagwira. Utsi woyera umene mumauona ku ekizozi ndi dizilo amene walowa koma sanapse. Nthawi yomweyo oyilo walimba ngati phala la dzulo, injini ikulemera kuzungulira, batire nalo lafooka, pakuti pa madigiri 0 limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake.

Ntchito yambiri ndi ya madzulo, musanagone. Dzazani thanki, chifukwa thanki yatheka imachita thukuta m'kati ndipo madziwo amatsikira m'mafuta. Tsegulani kampopi ka pansi pa fyuluta yolekanitsa madzi, muthire mpaka patuluke dizilo yekhayekha. Kokaninso timawaya ta pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke, apo ayi aundana m'mapaipi, mabuleki akana kumasuka injini ikulira bwinobwino.

Dizilo ali ndi phula. Akazizira kwambiri phulalo limapanga timibulu totseka fyuluta, ndiye thiraki imalira pang'ono, kenako n'kuzima. Mankhwala oletsa zimenezi amathiridwa mafuta asanazizire, makamaka pomwetsa, kuti asakanikirane. Phula likagwira kale sathandizanso. Zothira petulo m'thanki ya dizilo musiye, zimawononga pampu ndi ma injector, tizitsulo tofayira dizilo m'silinda.

Mu ladiyeta, madzi okhaokha ayi. Madzi akaundana amafufuma, ndipo amatha kung'amba ladiyeta kapena buloko yeniyeniyo. Antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amateteza mpaka pafupifupi madigiri 37 pansi pa 0. Mabatire awiri a thiraki, lililonse lodzaza bwino limawerenga ma volt 12.6. Likatsika pansi pa 12.4 litchajeni, ndipo mitu yake ikhale yoyera ndi yomangika. Oyilo wa 15W-40 amakwanira pa chisanu cha ku South Africa. Amene mukukagwira ntchito kozizira kuposa apo, monga kumpoto kwa Ulaya, onani buku la galimotoyo, kawirikawiri limanena 10W-40 kapena 5W-30.

Kwacha tsopano. Zimitsani magetsi, wailesi ndi hita, giya ikhale pa fili, pondani kilachi ngati ilipo. Tembenuzani kiyi kamodzi kokha, mudikire kanyale kooneka ngati waya wopotana kazime. Pa malole ang'onoang'ono kanyaleko n'ka ma glow plug, tizitsulo totenthetsa m'silinda, pa mathiraki ambiri aakulu n'ka chotenthetsa mpweya wolowa mu injini. Kukazizira zedi, bwezani kiyi mubwerezenso kachiwiri. Mukatero lizani, koma sitata isazungulire kupitirira masekondi 15. Ikakana, dikirani mphindi ziwiri sitata izizire. Kukana katatu ndiye kuti pali vuto, fufuzani mafuta ndi batire m'malo mokakamira kiyi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikuletseni mwamphamvu. China ndi mbaula kapena chinsanza choyaka pansi pa injini. Pansipo pali oyilo wodontha, mapaipi apulasitiki ndi mawaya, ndipo moto ukagwira katundu wa eni ake simuuzima ndi kabotolo kozimitsira moto ka m'kabini kaja. Chinanso ndi sipuleyi ya ether, imene ena amafayira polowera mpweya kuti injini ilire msanga. Pa injini yokhala ndi glow plug kapena chotenthetsa mpweya, ether amaphulika nthawi yake isanakwane, ndipo ngakhale pa injini zina, akachuluka amathyola maring'i. Njira yoyenera yofunditsira injini ndi block heater, chitsulo chamagetsi cholowa m'madzi a mu buloko, chimene mumalumikiza ku soketi maola awiri kapena atatu musananyamuke. Kopanda soketi, pali mahita oyendera dizilo a Webasto kapena Eberspächer, otenthetsa madzi a injini ili chizimire.

Ikalira, phazi lichoke pa akiseleleta. Oyilo amafunika nthawi kuti akwere ku turbo, ndipo kuipatsa moto ili youma n'kumene kumadya mabering'i. Yang'anani geji ya oyilo: pakatha masekondi 15 isanakwere, zimitsani. Ikakwera, isiyeni ilire mphindi zitatu mpaka zisanu, mpweya wa mabuleki udzaze. Enanu mumaisiya ikulira ola lathunthu muli pa tiyi, koma injini ya dizilo yongolira chilili sitentha mokwanira, mafuta osapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira mu sampu. Nyamukani pang'onopang'ono, magiya otsika, osaikankha pa chitunda mpaka singano ya kutentha itayamba kukwera. A mathiraki a AdBlue, madzi oyeretsa utsi wa ku ekizozi, musadandaule: amaundana pa madigiri 11 pansi pa 0, ndipo galimoto imamusungunula yokha ikuyenda.

Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.