Sikelo si yathu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Yohane 21:22. Petro afunsa za mnzake, Ambuye amubweza: za uyo zisiye, iwe unditsate.

Sabata ino tulo tandithawa. Lachiwiri tinataya mayi a nyumba yoyandikana nafe, Msilamu. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma lathu mu Malichi 2023, ndi iwowa anatitsegulira chitseko pakati pa usiku, ana anga nagona pamphasa yawo masabata awiri. Anaikidwa Lachiwiri lomwelo, monga mwa mwambo wawo.

Pochokera kumaliroko tinagawanika. Mlongo wina anati, "Chisoni, munthu wabwino chotere koma watayika." Wina anati, "Ayi amayi, Mulungu ndi mmodzi. Phiri la Mulanjeli wina amakwerera ku Likhubula, wina ku Lujeri, koma Sapitwa ndi yemweyo." Ine ndinangoti chete, mtima ukuwawa mbali zonse.

Yohane 14:6, yonena kuti Yesu yekha ndiye njira yofikira kwa Atate, ndimaikhulupirira, abale, ndipo sindingaifufute pofuna kudzitonthoza. Zoti njira zonse n'zofanana sindinganene. Koma kodi ndani anatipatsa sikelo?

Amene tinathyolapo tiyi tikudziwa. Dengu lili kumsana, ngakhale lako lomwe suliona bwino. Umangomva kulemera, n'kumaganiza kuti lero ndakolola. Kufika poyezera, akalaliki n'kupeza kuti munadzaza masamba okhwima, osati awiri ndi kansonga aja. Wothyola salemba makilo a mnzake. Nanga ife tayamba liti kuyeza madengu a anthu, mpaka kulengeza za moyo wawo wosatha tili m'njira yochokera kumaliro?

Thyola mzere wako, mlongo wanga. Chimene chikundiluma ine n'chakuti zaka zonsezi tinkabwerekana mchere ndi moto, koma sindinakhalepo nawo pansi kuwauza zimene Yesu anandichitira. Ndinkaopa kuwononga chinansi. Limenelo ndi dengu langa, ndipo ndi lopepuka. Abrahamu anafunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo. Sikelo yake sibera munthu, ndipo mayi aja ndawasiya pamenepo.

Thyola mzere wako, mbale wanga. Mnansi wako wa ku mzikiti akadali moyo, mum'konde, umuuze za Khristu maso ndi maso, mwaulemu, umumverenso.

Ambuye, landani sikelo m'manja mwanga. Amayi aja asiya ana atatu, ndipo m'mawa uno ndikupita kukawapatsa ufa. Ndipatseni mawu oti ndikalankhule pakhomo paja. Ameni.