"Izi ma TV sakukuuzani!" Nanga amene akukuuzaniwo amadya kuti?

Takulandirani nonse. Musanakhazikike, dinani subscribe, ndi ulere.

Lero tikuona nyumba zofalitsa nkhani za pa intaneti zomwe zimadzitama kuti ndi zosiyana ndi manyuzipepala komanso ma TV akuluakulu. Tipita ku America, komwe masewerawa anakhwima.

Choyamba, amapeza mdani. CNN, New York Times, onsewo akuti ndi abodza. Chachiwiri, nkhani zambiri amazitola m'manyuzipepala omwe akuwanyozawo, n'kungothira tsabola. Izi tadutsa.

Chachitatu, apa ndiye pamandipsetsa mtima. Amati, "ife sitidya za munthu, palibe amatilamula." Zoona?

Tengani Breitbart News. Anaiyambitsa ndi Andrew Breitbart mu 2007, ndipo mpondamatiki Robert Mercer, yemwe amathandiza andale a chipani cha Republican, anathiramo ndalama zankhaninkhani. Breitbart atamwalira mu 2012, chiwongolero anatenga Steve Bannon. Mu Ogasiti 2016 Bannon yemweyo anakatsogolera kampeni ya Donald Trump, ndipo mu 2017 anali mlangizi ku White House. Ndiye wina andiuze kuti ameneyu sadya za munthu!

Nanga Alex Jones wa InfoWars? Amakalipa thukuta lili kamukamu, kenako pakati pa pulogalamu n'kutulutsa botolo la mankhwala owonjezera mphamvu m'thupi, akuti gulani. Mantha anuwo ndiwo msika wake. Mu Disembala 2012 munthu wina anapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu ya Sandy Hook ku Connecticut. Jones anakhala zaka akunena kuti zinali zongopeka, kuti makolo olirawo ndi azisudzo. Otsatira ake anazunza anamfedwawo mpaka ena kusamuka. Mu 2022 Jones anavomera m'khoti ku Texas kuti zinachitikadi, ndipo khoti la ku Connecticut linamulamula kulipira madola 965 miliyoni.

Ndikudziwa, wina akulemba kale m'makomenti kuti akuluakuluwo nawo amalakwa. Inde. New York Times inavomereza yokha mu 2004 kuti inalakwitsa pa nkhani zake za zida zoopsa za ku Iraq. Koma inavomera popanda kukokeredwa kukhoti.

Chachinayi ndi momwe YouTube ndi Facebook zimakankhira nkhani zaukali patsogolo, koma nthawi yatithera. Imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa. Dinani kabelu kaja, ndipo tumizani iyi kwa amalume aja a pa gulu la WhatsApp la banja.