Vanila amanunkhira gulu lililonse limene amuika

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Yesaya 43:1 mukuidziwa: ndakutcha dzina lako, iwe uli wanga. Lero musatuluke m'nyumba ndi dzina limene anthu anakupatsani dzulo.

Vanila, uja amayi amadonthezera mu keke, ndi wa banja la maluwa a orchid, pachibale ndi chinaka chathu chija. Ndi chomera choyanga pamitengo, ndipo amene timadyayu kwawo ndi ku Mexico. Mu 1753 katswiri wa zomera Carl Linnaeus anamuunjika m'gulu la Epidendrum, pamodzi ndi maluwa ena ambiri omera pamitengo. Chaka chotsatira katswiri wina, Philip Miller, anamuika m'gulu lakelake, Vanilla, lomwe lero lili ndi mitundu yoposa 100. Akuluakuluwa akusamutsa mayina m'mabuku ku Ulaya, ku Mexico anthu a mtundu wa Totonac anali atamulima kalekale, ndipo a mtundu wa Aztec ankamuthira m'chakumwa chawo cha koko. Fungo linali lomwelo.

Sabata ino dzina langa lachotsedwa pa mndandanda wina kuntchito. Palibe anandiitana, ndinangoona pepala atamata pakhoma, ine ndili m'gulu la pansi. Tulo tinathawa. Ndikudziwa sindili ndekha: wina amutulutsa mu komiti ya kumpingo, wina kuchikamwini akumutcha mlendo chonsecho ana akula. Zimawawa, tisanamizane.

Koma inu, n'chifukwa chiyani mwasiya kununkhira? Moni mwayamba kuyankha ndi mphuno, kukwaya mukukhala kumbuyo mutapinda manja, ana kunyumba akulipira mlandu wa pepala limene sanalembe. Amene anamata pepalalo sanakuumbeni ndi iwo. Musawapatse fungo lanu.

Ndipo dziwani kuti chitheba cha vanila chikamathyoledwa chimakhala chobiriwira, chosanunkhira n'komwe. Alimi a ku Madagascar amachiviika m'madzi otentha, kuchifunditsa mabulangete kuti chichite thukuta, kuchiyanika padzuwa, kenako kuchitsekera m'mabokosi kwa miyezi, mpaka chide bii. Fungo limatulukira m'menemo. Mwina sabata ino ndiwo madzi otentha anu. Sindikuti ndi okoma.

Sambani, valani bwino, mukafike msanga. Uja analemba mndandanda mukamupatse moni ndinu poyamba. Inenso akundidikira 7 koloko.